Mpikisano wothamanga wothandiza ana odwala khansa: tsiku, njira ndi kopita ndalama

Wapampando: Abale a ku Ntcheu, komiti ikuganiza zoti tichite mpikisano wothamanga wa mabanja pa boma, ndalama zipite ku kafukufuku wa khansa ya ana. Tsiku lake 15 February, lomwe dziko lonse limakumbukira anawa. Tiyeni timve maganizo.

Mlembi: February ayi, a Wapampando. Mvula ili mkati, misewu ndi matope okhaokha, komanso m'nkhokwe mulibe kanthu. September nawo ndi mwezi wa khansa ya ana, ndipo anthu amakhala atagulitsako mbewu. Tiyambe 6 koloko m'mawa, pofika 9 tikhale tamaliza dzuwa lisanayambe kuswa mtengo.

Aphunzitsi: Njira isakhudze M1, mathiraki salabadira mwana. Akulu makilomita 5, ana ndi agogo makilomita 2 mozungulira bwalo la mpira. Pamphambano iliyonse payime anthu awiri ovala zowala, chifukwa akabaza amalowerera pakati pa gulu. Madzi pa makilomita awiri aliwonse, m'makapu. Mukapereka botolo lonse mwana amamwa pang'ono n'kulitaya. Makalata kwa DC, apolisi ndi a Red Cross apite kukadali milungu inayi.

Anamwino: Ine nkhawa yanga ndi kopita ndalamazo. Khansa yomwe imagwira ana ambiri kwathu kuno ndi Burkitt. Nsagwada kapena mimba imatupa m'masabata ochepa, makolo n'kumaona ngati dzino kapena zaufiti. Imamva mankhwala ndithu mwana akafika msanga. Koma chithandizo chili ku Queens ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo mwana amayenera kubwererako kangapo. Akalandira mankhwala koyamba chotupa chimaphwa, mayi n'kuyesa wachira, ya basi n'kusowa, osapitanso. Chikabwerera chimavuta kwambiri kuchiza. Bwanji ndalamazo zikhale za thiransipoti ndi chakudya cha owadikirira?

Achimwene a ku Joni: Achemwali mwanena zoona, koma kafukufuku tisamutaye. Mlingo wa mankhwala woyenera mwana wonyentchera, amenenso akudwala malungo, umadziwika ndi kafukufuku wochitikira konkuno.

Anamwino: Sindikukana, achimwene. Koma kafukufuku amadutsa kukomiti yovomereza, monga ya ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, ndipo amadya ndalama zoti ife sitingazifike. Zathuzi zingathandize pa mafoni ndi mafuta a njinga yamoto yolondolera ana amene asiya kubwera. Zimenezo ofufuza amazifunanso.

Msungichuma: Tisanagawe, tidziwe chotsala. Ma T-shirt ndi amene amamaliza ndalama. Tingosindikiza manambala omata pachifuwa, malayawo akhale a amene walipiriratu. Kulembetsa K5,000 wamkulu, K1,000 mwana, pa Airtel Money kapena Mpamba, nambala imodzi ya gulu, osati ya munthu. Ndalama zapamanja tsikulo zikhale ndi buku la malisiti ndi anthu awiri owerengera limodzi.

Wapampando: September tagwirizana. A Mlembi, lemberani zipatala ziwirizo, mufunse njira yovomerezeka yoperekera thandizo ndi chomwe wodi ya ana ikusowa kwambiri. Za kagawidwe tivota yankho likabwera.