Bemberezi akuboola mitanda ya khonde: ndichite chiyani?

Moni nonse abale ndi alongo. Ndikukhala ku Luwinga muno mu Mzuzu, ndipo ndikupempha nzeru pa nkhani ya bemberezi amene akuboola mitanda ya paini ya pakhonde langa.

Njuchi zimenezi n'zazikulu kuposa za uchi, ndipo sizikhala m'chigulu. Yaikazi ndi yakuda, ili ndi mizere iwiri yachikasu pamsana, pamene yaimuna ndi yachikasu thupi lonse ndipo siluma, ngakhale imalira mochititsa mantha. Yaikazi iliyonse imadziboolera una wake wozungulira bwino, woti n'kulowa chala chaching'ono, moti m'mawa uliwonse timasesa utuchi pansi pa mtandawo.

Ndinatseka mauna ndi timitengo, koma zinaboola ena pambali pake. Ndinapakanso oilo wakutha monga anandilangizira kalipentala wina, osathandiza. Mankhwala opopera sindikuwafuna, chifukwa njuchi zomwezi n'zimene zimayendera maluwa a magalagadeya ndi nandolo kuseri kwa nyumba, ndipo zipatso zikugwira bwino.

Kodi ndikaika chipika chouma chapatali, zingasamukire kumeneko? Nanga ndi penti kapena vanishi wanji amene angateteze mitandayi popanda kuzipha?