Lole ikumafooka dzuwa likaswa mtengo

Dalaivala wa ku Nchalo:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndili ndi Isuzu ya matani 3, giya yake ndi ya otomatiki. M'mawa imayenda bwinobwino, koma masana ndikangodutsa pa Thabwa n'kuyamba chitunda chopita ku Blantyre, imafooka ngati ndanyamula miyala. Magiya amangolumphalumpha, kenako imakakamira pa giya imodzi. Ikazizira, bwinobwino. Lole imeneyi ndiye khasu langa.

Makaniko wa ku Ngabu:
Achimwene, musathamangire kumasula giyabokosi. Yambani mwaona oyilo wake. Amayenera kukhala wofiira. Akada n'kumanunkha chopserera, ndiye kuti akutentha kwambiri, ndipo kompyuta ya loleyo imatsekera giya imodzi dala poteteza giyabokosi. Oyiloyo amaziziritsidwa kutsogolo pa radiyeta, pomwe kuno kumadzaza fumbi ndi zinyalala za nzimbe. Tsukani radiyetayo pothira madzi kuchokera mbali ya injini, injini itazizira. Onaninso fani: injini ikatentha iyenera kumveka kukoka mphepo mwamphamvu.

Wa ku Bangula:
Yanga inali fyuluta ya dizilo. Ndinathira wa m'zigubu, ndinalapa.

Dalaivala wa ku Nchalo:
Zikomo amakaniko. Ndaona oyilo, ndi wakuda bii. Ndithire wamtundu wanji?