Kodi Mkhristu akafunsira udindo waukulu ndiye kuti akudzikweza?

Membala wobisa dzina:
Abale m'gulu muno, ndithandizeni maganizo. Kuntchito kwathu bwana wa dipatimenti yathu akupuma, ndiye alengeza kuti ofuna malowo alembe kalata. Mapepala ndili nawo, ntchitoyo ndikuidziwa, ndipo bwanayo akakhala patchuthi ndine amene ndimagwirizira. Akazi anga akuti ndilembe lero lomwe. Koma mkulu wina wa mpingo amene ndimawalemekeza kwambiri andiuza kuti Mkhristu sathamangira mipando, ngati malowo ndi anga Mulungu adzandiitana yekha. Anandiwerengera Luka 14, paja Yesu akunena kuti ukaitanidwa kuphwando ukakhale kumalo otsika.

Chikundisowetsa tulo n'chakuti mnzanga wina akuwafunanso malowa, ndipo wayamba kale kuzungulira m'maofesi a mabwana. Anthu akubwera kwa ine ndi nkhani zake zakale kuti ndikazitule kumwamba, akuti ndikakhala phee andidyera masuku pamutu. Kodi kudalira Mulungu ndi kupinda manja? Nanga ndikalemba kalatayo, ndingadziwe bwanji ngati si mtima wofuna kutamandidwa umene ukundikoka?

Mayi wina:
Achimwene, lembani kalatayo. Nehemiya anali woperekera chikho kwa mfumu Aritasasta, koma sanadikire kuti mfumu ilote. Anapemphera, kenako anapempha yekha kuti atumidwe ku Yerusalemu, anapemphanso makalata a ulendo ndi mitengo yomangira. Chomwe chimandigwira mtima ndi mutu 5. Atakhala kazembe zaka 12, sanadye gawo la chakudya limene akazembe ankatolera kwa anthu, chifukwa anaona kuti anthuwo anali kale pa goli. Munthu uyu udindo anaupempha, koma mafuta a udindowo anawakana. Ngati uku sikudzichepetsa ndiye sindikudziwa.

Bambo wina:
Ine ndili mbali ya mkulu wa mpingoyo. Werengani Yeremiya 45, kamutu kakafupi kwambiri. Baruki, mlembi wa Yeremiya, anafunsidwa ndi Mulungu ngati akudzifunira zinthu zazikulu, ndipo anauzidwa kuti asazifune. Ambirife timati tikufuna udindo kuti tithandize anthu, chikhalirecho tikufuna galimoto ya kampani.

Mayi uja:
Bambo, Baruki anauzidwa zimenezo m'chaka chachinayi cha Yehoyakimu, pamene Mulungu anali atanena kuti agwetsa chimene anamanga. Dziko linali pafupi kupasuka. Si lamulo loti munthu aliyense asakwezedwe. Nanga Danieli uja anali mmodzi wa akuluakulu atatu oyang'anira akalonga 120 bwanji?

Bambo uja:
Danieli sanachite kampeni, mayi.

Mphunzitsi wa Sande sukulu:
Nonse mukukangana za kalata, koma mwadumpha chiganizo choopsa m'funsoli. Kalata ilibe vuto, ndi njira imene olemba ntchito aika okha, ndipo kunena zoona za luso lanu si kudzitama. Mayeso anu ali pa nkhani za mnzanuyo zimene akukubweretseranizo. Munthu amene akukhulupirira kuti Mulungu ndiye amatsitsa wina n'kukweza wina, monga Salmo 75 ikunenera, safunika kupinga mnzake mwendo. Amene amapinga ndi uja amene pansi pamtima akuganiza kuti Mulungu achedwa kapena aiwala.

Pa Marko 10 Yakobo ndi Yohane atapempha mipando ya kumanja ndi kumanzere kwa Yesu, ophunzira khumi enawo anapsa mtima, ndipo ine ndimaona kuti anapsa chifukwa nawonso ankaifuna. Yesu sanawauze kuti asafune ukulu. Anawauza kuti wofuna kukhala wamkulu akhale wotumikira anzake. Ndiye dzifunseni izi, achimwene: malowo akapatsidwa mnzanuyo, mudzatha kugwira ntchito pansi pake ndi mtima wonse, osamuchitira zam'mbali? Mudzatha kumupempherera kuti zimuyendere? Ngati mimba yakutembenukani pongowerenga funsoli, yambirani pamenepo kupemphera musanagwire cholembera.

Mlongo wina:
Ndingowonjezera kuti kudzichepetsa kwina n'kwabodza. Pali anthu salemba kalata poopa kugwa pa intavyu, kenako amati ndasiyira Ambuye. Wantchito uja wa pa Mateyu 25 anakwirira talente yake chifukwa cha mantha, ndipo mbuye wake sanamuyamike.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse. Aphunzitsi, funso lanu landilasa, kugwira pansi pake sikungakhale kophweka. Kalata ndilemba, nkhani za mnzangayo sindizitula kulikonse. Koma chatsala ndi ichi: mkulu wa mpingo uja ndiwafotokozera bwanji kuti asaone ngati ndanyoza malangizo awo? Ndikawauze ndisanapereke kalata, kapena ndidikire zotsatira?

Mayi uja:
Kawauzeni musanapereke. Muwapemphe akupempherereni, ndipo mutenge Nehemiya 2 mukawerenge nawo limodzi.