Reluctant, unwilling, refused: tilembe ati mu manotsi a kuntchito?

nachisale_leeds:
Abale amene chizungu chimakuyenderani ndithandizeniko. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Leeds ku England ndiye shifiti ikamatha timalemba manotsi a munthu aliyense, wadya bwanji, wasamba, wamwa mankhwala. Tsono pali agogo ena nthawi yosamba ikakwana amayamba kaye kunyinyirika, ati kwazizira, ati mawa, koma ukawanyengerera bwinobwino amadzuka nkusamba ndithu. Anzanga ena amalemba refused, ena unwilling, ena reluctant. Olondola ndi ati? Kwa ine onsewa amangomveka kusafuna basi

aphunzitsi_opuma:
Mwana wanga mawuwa ndi apachibale koma salemera mofanana. Reluctant ndiye kunyinyirika kwenikweniko, mtima sukufuna koma pamapeto munthu amatha kuchitabe, ndipo agogo anuwo ali pamenepo: she was reluctant to have a bath but agreed with encouragement. Unwilling ndi olimbirapo, munthu wakhazikika pa ayi wake ndipo sakuonetsa zosintha. Refused ndiye kuti wakana ndipo kusambako sikunachitike, mukaika flatly refused ndi kuja timati kukana kwamtuwagalu. Palinso hesitant amene si kusafuna kwenikweni koma kukayikakayika, munthu waima pakhomo la bafa akuopa kuterereka. Ameneyu amafuna dzanja lomugwira osati kumunyengerera.

mlamu_wa_ku_luton:
Asisi nkhaniyi musaitenge mopepuka, manotsi amenewo amawerenga anesi, achibale a agogowo, ngakhale a CQC, bungwe loyendera malo osamalira anthu kuno ku England, akabwera kudzayendera amawaona, ndiye mukalemba refused masiku otsatizana pomwe munthu anasamba aliyense aziganiza kuti agogo akukhala osasamba ndipo mafunso ake abwera kwa inu. Komanso malo ambiri amakonda declined kusiyana ndi refused akakanadi, chifukwa refused amamveka ngati munthu wamakani pomwe lamulo la Mental Capacity Act la 2005 limati munthu amene angathe kudzisankhira ali ndi ufulu wosankha ngakhale zimene ife tikuona kuti sizanzeru. Ine ndimalembanso chifukwa chimene anena, monga declined a bath, said she felt cold, offered again after lunch. Zimamulemekeza munthuyo komanso wobwera shifiti ya usiku amadziwa poyambira.

tiya_mzuzu:
Ine ndikukonzekera mayeso a chizungu a IELTS ndiye ndaphunzirapo ena apamwamba, loath to, averse to, disinclined to, koma awa ndi a mu nkhani zolembalemba, mu manotsi angoonetsa ngati mukudzionetsera. Chenjerani loath ndi loathe, wa e kumapetoyo ndi kudana nacho chinthu koopsa. Averse nayenso anthu amasokoneza ndi adverse uja wa adverse reaction ya mankhwala. Ndipo reluctant amatsatana ndi to have, pomwe averse amafuna to having.

nachisale_leeds:
Zikomo kwambiri nonse, aphunzitsi mwanditsegula maso pa hesitant paja chifukwa agogowa anagwapo chaka chatha asanabwere kwathu kuno, mwina vuto ndi mantha osati kuzizira. Mawa ndiwafunsa bwinobwino ndipo ndipempha a manejala tione za mpando wokhalira posamba. Nanga akamadya koma akungotolatola pang'ono mosafuna timalemba bwanji?

aphunzitsi_opuma:
She picked at her food, kenako lembani kuchuluka kwa chimene adya, theka kapena masipuni angati.