Timakanema ta luso tikundifika opanda dzina la mwini wake, mumawapeza bwanji eniake?

Telala_wa_Ndirande

Abale, ndithandizeni nzeru. Ine ndimasoka zovala pafupi ndi msika wa Ndirande, ndipo madzulo ndikamaliza kusita za makasitomala ndimakonda kuyang'ana timakanema pa foni. Mwezi watha mwana wa achemwali anga ananditumizira pa WhatsApp kakanema ka bambo wina akuimba chida chachikulu cha chingwe chimodzi, mtengo wake wautali kuposa munthu, kumunsi kwake kuli ng'oma ya chikumba cha ng'ombe. Dzanja lina akuyendetsa botolo pa waya, lina akumenya ndi kamtengo, uku phazi likugunda ng'oma ina pansi. Nyimbo yake inandikhudza moti ndinaimitsa makina n'kukaonera mobwerezabwereza. Koma dzina la bamboyo panalibe. Amene anakatenga pa TikTok anadula pamene pamakhala dzina n'kumatapo tizithunzi toseka. Mnyamatayo akuti nayenso anangokalandira pa gulu la anzake.

Kena kanali ka mayi wina amene amalumikiza tizidutswa ta chitenje n'kutulutsa jekete yokongola kwambiri. Inetu tizidutswa totero ndili nato matumba awiri kuseri kwa chitseko. Ndinkafunitsitsa kuona mmene amabisira msoko wa mkati kuti usayoyoke, koma kanangotha pamene ankatembenuza jeketeyo. Nditabwerera mawa lake sindinakapezenso. Panopa foni ikungondipatsa anthu ovina ndi nthabwala, bandulo n'kumatha osapindula kanthu. Inu mumatani kuti mupeze anthu aluso enieni, ndi kudziwa mayina awo?

Mphunzitsi_Chiradzulu

Mayi, chidacho ndi babatoni, chathu chomwe chino. Mmene mwafotokozera za botolo ndi kamtengo, ndikuganiza kuti munaona a Gasper Nali a ku Nkhata Bay. Waya wa babatoni yawo ndi wochokera m'tayala la galimoto. Lembani dzina lawo pa YouTube, mupeza nyimbo zathunthu, osati zoduladula. Mufufuzenso Madalitso Band, a Yobu Maligwa ndi a Yosefe Kalekeni, amene anayamba n'kuimba m'misewu ya Lilongwe. Mu 2017 anakaimba pa chikondwerero cha nyimbo cha Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo kuyambira pamenepo akhala akuitanidwa ku Ulaya.

Koma nkhani ya dzina mwaitchulayi ine imandiwawa. Kwathu kuno kuli agogo a Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930. Nyimbo yawo ya Linny Hoo, imene anaijambulanso ndi a Patience Namadingo mu 2020, inafala pa TikTok mpaka kuonedwa maulendo oposa 80 miliyoni. Achinyamata a m'mayiko akutali anavina nayo, ena anaiika pa timakanema ta ana awo ndi ziweto zawo, ambiri mwa iwo osadziwa kuti woimbayo ndi nkhalamba ya ku Chiradzulu imene yakhala ikuimba kuyambira nthawi ya atsamunda. Ine ana anga a m'kalasi ankaiimba tsiku lililonse, koma nditawafunsa nyimbo ina iliyonse ya agogowa, kalasi yonse inangoti zii. Munthu amene mu 2016 anakaimba ku Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America ku Washington, ana a kwawo komwe akumudziwa ndi kachidutswa ka masekondi ochepa!

Chiphe_265

Anti, foni yanu imakupatsani zimene mwaiphunzitsa. TikTok imawerengera nthawi imene mwakhala pa kakanema kalikonse. Mukaonera nthabwala mpaka kumapeto, ngakhale musadinde pa mtima paja, iyo imati mwazikonda n'kukubweretserani zina. Ndiye kakabwera kosafunika, kanikizani chala pa sikirini kwa kanthawi n'kusankha Not interested. Kakabwera ka zosoka kaonereni konse, kasungeni, ndipo mutsatire mwini wake nthawi yomweyo, musadikire mawa. Pakatha masiku ochepa muona kusintha.

Jekete ija ingathe kupezeka. Mu Settings muli Watch history, mmene mumakhala timakanema timene munaonera posachedwa. Ikakanika pamenepo lembani patchwork jacket kapena ankara patchwork pofufuzira, chifukwa osoka a ku Nigeria ndi ku Ghana nsalu yathu ya chitenje amaitchula ankara. Ambiri mwa iwo amaika kachidule pa TikTok ndi Instagram, koma phunziro lonse, ndi misoko ya mkati yomwe, limakhala pa YouTube. Pa nkhani ya nyimbo, dindani pansi pamene pamalembedwa dzina la sound, muona timakanema tonse timene tagwiritsa ntchito nyimboyo, ndipo nthawi zambiri koyambirira kamakhala pamwamba. Musaiwale kuyatsa Data Saver kuti bandulo ipite patali.

NaPhiri_Joni

Ine ndikusiyana nawo pang'ono aphunzitsiwo. Zoona, kudula dzina la munthu ndi kuba, ndipo amene amachita zimenezi aleke. Koma tisanyoze kachidutswa. Ana anga anabadwira kuno ku Johannesburg, Chichewa amachimva movutikira, ndipo a Giddes anawadziwira pa TikTok pomwepo. Tsiku lina wamkuluyo anabwera kukhitchini kudzandifunsa tanthauzo la mawu a nyimboyo, ife n'kucheza za kumudzi mpaka nsima kupsa. Chikhala kuti si kakanemako, sakanafunsa.

Njira imeneyi ndi imenenso inandidziwitsa osema a ku Mua. Ndinakulira ku Dedza koma sindinkadziwa kuti ku Kungoni, malo a zachikhalidwe ndi zaluso a ku Mua komweko amene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, kuli anthu osema mitengo mwaluso chonchija. Ndinaona kakanema ka mlendo wina akuzungulira pamenepo, ndipo nditabwera kumudzi pa Khirisimasi ndinakwera minibasi kukaona ndekha, n'kugulako chosema cha mayi wobereka mwana kumbuyo. Ndiye amayi a ku Ndirande, mukamupeza mwini jekete uja mulembereni, ngakhale mawu awiri okha. Ndipo mukasoka yanu muijambule, dzina la shopu yanu lioneke pakati penipeni pa kanemayo pamene munthu sangadule.

Telala_wa_Ndirande

Zikomo kwambiri nonse. Aphunzitsi, ndi a Gasper Nali amene, ndawapeza ndipo nyimbo ija ndaimvera yonse mpaka kumapeto. Chiphe mwanawe, Watch history ndaiona koma jekete ija mulibe, mwina papita nthawi. Komabe nditalemba ankara patchwork kwatuluka mayi wina amene akuonetsa zonse: amayamba wasita kachidutswa kalikonse, kulumikiza tinayitinayi, kenako n'kuika nsalu yopyapyala mkati kuti misoko ibisike. Matumba aja ndawakhuthula kale patebulo, ndikusankha mitundu yogwirizana. NaPhiri, foni yanga ikajambula m'shopu zithunzi zimatuluka zakuda, ndiye ndikufunseni, ndi bwino kujambulira panja m'mawa kapena madzulo?