Archtop ya Harmony ya m'ma 1950: ndigule?

Funso: Akuluakulu, pali archtop (gitala ya thabwa lapamwamba lotukuka) ya kampani ya Harmony ya m'ma 1950 yomwe ikugulitsidwa. Zingwe zake zatalikirana kwambiri ndi khosi la gitalayo, komanso ndikufuna kuikapo pickup (kachipangizo ka maginito kotengera mawu a zingwe ku amplifaya). Ndiyang'ane chiyani ndisanapereke ndalama?

Yankho 1: Achimwene, yambani ndi khosi. Yezani mpata wa pakati pa chingwe chachikulu ndi fret ya 12 (ma fret ndi tizitsulo topingasa pakhosi): mamilimita 2 mpaka 2.5 ali bwino. Ngati bridge (kamtengo konyamula zingwe pa thabwa lapamwamba) yatsitsidwa kale mpaka kumapeto koma mpata ukadali mamilimita 4, khosi lapendekera kutsogolo. Pamafunika kulizula ndi nthunzi, kulisema patsinde n'kulimatanso, ntchito yomwe nthawi zina imaposa mtengo wa gitalayo. Ma Harmony ambiri a nthawiyo alibenso truss rod yopotokola (chitsulo cha m'kati mwa khosi choliwongolera), ndiye khosi likapindika sipanala sikuthandizani.

Yankho 2: Lowetsani kagalasi pa f-hole (bowo looneka ngati chilembo cha f), muunike ndi tochi. Timitengo tochirikiza thabwa lapamwamba tikamatuka, thabwalo limatitimira pomwe pakhala bridge.

Yankho 3: Chonde poika pickup musaboole thabwa, mungadule timitengo tomwe anena anzathuwa. Ikani floating pickup (yosakhudza thabwa), monga ya Kent Armstrong, yomangirira pa pickguard (chotchinga choteteza thabwa kuti lisakalike). Zingwe za bronze zichoke, maginito a pickup sazimva bwino. Ikani za nickel. Bridge yake ndi yosamatidwa, imangopanikizidwa ndi zingwe, choncho muzisintha chingwe chimodzichimodzi kuti isasunthe.