Ndikufuna R60,000 pamanja ndikafika ku Joni, ndiipeze bwanji?

Nachisale_Geni

Moni abale anga a ku Joni. Mwezi wamawa ndikubwera kudzaoda zovala ndi mabulangete ku Dragon City ndi ku China Mall. Mpamba wanga ukufika pa R60,000, ndipo ndamva kuti masitolo ambiri kumeneko amafuna ndalama pamanja. Ndili ndi khadi ya Visa ya banki ya kuno kumudzi. Kodi ndingodzatapa pa ATM ndikafika, kapena ndinyamule madola? Paja safunsa anadya phula, ndithandizeni.

Mkulu wa ku Turffontein

Achemwali, vuto lenileni silili pa makina a kuno ayi, lili ku banki yanu konko. Ndalama zakunja zikusowa ku Malawi, ndiye mabanki amaika malire pa zomwe khadi ingatulutse kunja kwa dziko. Mu akaunti mutha kukhala makwacha okwanira, koma makina n'kukukanani. Musanagule n'komwe tikiti ya ulendowu, pitani ku nthambi yanu ndi pasipoti, mufunse zinthu zitatu izi: kodi khadiyo ndi yotsegulidwa kugwira ntchito ku South Africa, malire ake ndi angati patsiku ndi pamwezi, ndipo amadula zingati mukatapa kamodzi. Akulembereni papepala. Malire otapa pa ATM ndi malire olipira pa kamakina ka m'sitolo nthawi zambiri amasiyana, afunseni onse awiri.

Kuno nakonso makina ali ndi malire ake, satulutsa zambiri nthawi imodzi. Tiyerekeze kuti akukupatsani R3,000 pa ulendo umodzi. Kuti mufike pa R60,000 mulowetsa khadi ka 20, ndipo ulendo uliwonse banki yanu ikudula, mwini makina nayenso akudula. Choncho nthawi zonse tapani ndalama yaikulu imene makinawo akulola, osati R500 lero, R500 mawa. Makina akakufunsani ngati akuwerengereni mu marandi kapena mu ndalama ina, sankhani marandi. Mukasankha inayo, mtengo wosinthira amaika ndi eni makina, ndipo umakhala wokupwetekani.

Nambala ya foni imene banki imakutumizirani mauthenga ikhale ikugwira kuno. Ambiri amavula simu ya kumudzi pa Beitbridge, kenako sadziwa ngati ndalama yadulidwa kapena ayi.

Bambo a Tadala

Ndionjezereko za madola. Makwacha musanyamule poganiza kuti mudzasintha kuno, mabanki ndi mabyuro a kuno sawalandira. Ngati banki yanu ingakugulitseni marandi kapena madola, tengani, ndipo risiti muisunge mkati mwa pasipoti. Pa boda akafunsa komwe mwazitenga, pepala limenelo ndilo likuyankhirani.

Madola akhale atsopano, osang'ambika, osalembedwa ndi cholembera. Akale aja a mutu waung'ono amawakana. Kosinthira kulipo ku bwalo la ndege la OR Tambo komanso m'misika ikuluikulu ngati Eastgate ndi Sandton City, ndipo popanda pasipoti sakuthandizani. Musamangoyang'ana mtengo wolembedwa pa bolodi, pamwamba pake amadula komishoni. Funsani kuti, "Ndikapereka $1,000, m'manja mwanga mulowa marandi angati?" Yankho la funso limeneli ndilo mufananize pa malo awiri kapena atatu. Pa bwalo la ndege sinthani yongokwanira thiransipoti ndi chakudya.

Za malamulo: kwa zaka zambiri mlingo wa marandi a mapepala olowa kapena kutuluka nawo mu South Africa unali R25,000 munthu mmodzi. Milingo yotere imasinthidwa, ndiye onani pa tsamba la SARS, bungwe la msonkho la kuno, sabata yonyamuka, ndipo zikapitirira lembetsani pa boda. Kubisa m'mabulangete ndiye kuzitaya. Chinanso, kuyambira mu 2022 ndalama ya pamanja ya R50,000 kapena kuposerapo banki imainena ku Financial Intelligence Centre, bungwe la boma lolondoloza ndalama zokayikitsa. Si mlandu, koma adzakufunsani komwe yachokera, mapepala akhale pafupi.

Nachisale_Geni

Zikomo kwambiri achimwene. Nanga njira ija yomutumizira munthu makwacha pa Airtel Money kapena Mpamba, iye n'kundipatsa marandi ndikafika?

Mkulu wa ku Turffontein

Anthu amachita, sitingabise, koma malamulo osinthira ndalama a mayiko onse awiri saivomereza, ndipo mukaberedwa mulibe kokadandaula. Akuba ake amachita chimodzimodzi: inu mwatumiza, iye foni wazimitsa. Kapena amakuonetsani uthenga wabodza woti ndalama yalowa. Ine sindingakulimbikitseni kuika mpamba wonse pamenepo.

Mayi wa ku Fordsburg

Ine ndisiyane nawo pang'ono abambowa. Onse akukuuzani mmene mungapezere R60,000, koma simukufunika kuigwira yonse tsiku limodzi. Pepala lalikulu kuno ndi R200. Ndalama yanuyo ndi mapepala 300, ndipo akakupatsani ma R100 ndi 600, mtolo woti sungabisike m'kachikwama. Tsiku loyamba yendani chimanjamanja, muone mitengo, mufunse sitolo iliyonse ngati imalandira khadi. Masitolo ena akuluakulu ali ndi kamakina, ena amaonjezera kangachepe pa mtengo mukalipira pa khadi. Werengerani, kangachepeko nthawi zambiri sikafika pa zimene mungadulidwe potapa kambirimbiri. Ya pamanja itsalire okana khadi okha, ndipo muzitapa ya tsiku limenelo basi.

Matsotsi a kuno ali ndi anzawo oima pamzere mkati mwa banki ngati makasitomala. Amaona amene walandira mtolo, n'kuimbira omwe ali panja, ndipo amakutsatirani mpaka pageti. N'chifukwa chake musatape pa makina a mumsewu kufupi ndi Park Station kapena Small Street. Lowani mu msika waukulu, pa makina ogundizana ndi nthambi ya banki, m'mawa wa tsiku la ntchito. Khadi ikamezedwa muli ndi wolankhula naye pompo. Wina akabwera kuti "ndikuthandizeni", dinani batani loletsa, tengani khadi, chokanipo. Amasinthanitsa makhadi m'kuphethira kwa diso atakuonerani kale nambala yachinsinsi. Mukatuluka musaime panja kudikira takisi, muikonzeretu galimoto musanatape.

Makina akadula ndalama osaitulutsa, sungani kapepala, jambulani nambala ya makinawo ndi nthawi yake. Dandaulo limapita ku banki yanu ya kumudzi, ndipo kubweza kumatenga masabata, ndiye khadi yachiwiri ya banki ina ndi yofunika.

Mapepala a R100 ndi R200 aziyang'aneni musanachoke pa kauntala. Mukalozetsa powala muone chithunzi chobisika, mukapendeketsa inki yonyezimira isinthe mtundu, ndipo chala chimve kukhakhala pa zolembedwa. Pepala lothimbirira ndi inki m'mphepete likaneni, limachokera m'makina ophwanyidwa ndi mbava ndipo masitolo salilandira. Ma R200 akale osindikizidwa chaka cha 2005 chisanafike anachotsedwa pamsika mu 2010 chifukwa cha achinyengo, wina akakupatsani mubwezereni.

Bambo a Tadala

Mayiwa anena zoona. Komanso musaiwale kusiya marandi ena pambali, ma R20 ndi ma R50, olipira onyamula katundu ndi katundu wopitirira mlingo pa basi. Msonkho wa MRA pa Mwanza kapena pa Dedza mudzalipira m'makwacha, ndiye akaunti ya kumudzi musaikokolole yonse.